Mtsempha wa kuseri kwa chidendene ukundipweteka: kodi ndingachire osapita kuchipatala?

Funso: Ndine bambo wa zaka 44, ndimakhala kufupi ndi Chia m'boma la Nkhotakota. Ndimagula nsomba kudooko n'kumakagulitsa pa njinga. Papita miyezi iwiri mtsempha wa kuseri kwa chidendene chakumanja ukundipweteka. Ndikadzuka m'mawa ndimayamba ndatsimphina, kenako umamasuka, koma madzulo ndikaweruka ululu umabwereranso. Pamwamba pa chidendene patuluka kachotupa kolimba. Zinayamba nditabwerera ku mpira wa Lamlungu womwe ndinausiya kalekale. Mayi akunyumba amandithowa ndi madzi otentha, bulufeni ndikumwa tsiku lililonse, ndipo amalume akuti anditemere mphini. Kodi ndingachire ndili pakhomo? Geni yanga siilola kugona.

Yankho: Zikomo bambo polongosola momveka chonchi. Inde, vuto lomwe mwafotokozali nthawi zambiri limachira munthu ali pakhomo, ndipo ngakhale mutabwera kwa ife a mafizo, ntchito yaikulu tidzakupatsani kuti mukaigwire nokha kunyumba. Koma musanayambe china chilichonse, pali funso loti liyankhidwe lero lomwe: kodi mtsemphawo wangodyeka, kapena waduka? Ziwirizi zimapweteka malo amodzi koma chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Munthu amene mtsempha waduka akataya masabata akuthowedwa kunyumba, akhoza kudzatsimphina moyo wake wonse pa chinthu chomwe chikanakonzeka ndi chikhakha.

Mtsempha umenewu, womwe mabuku a zachipatala amautcha Achilles, si mtsempha wodutsamo magazi. Ndi mnyewa womwe umalumikiza minofu iwiri ya katumba ku fupa la chidendene, ndipo m'thupi lonse mulibe wina wokhuthala ndi wamphamvu kuuposa. Nthawi iliyonse mukanyamula chidendene kuti muponye phazi, ndi umenewu ukukoka. Pothamanga ndi podumpha umasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu kangapo. Pofooka pake ndi pa masentimita 2 mpaka 6 kuchokera pomwe wagwira fupa, chifukwa magazi amafikapo ochepa. Ndikukhulupirira kuti kachotupa kanu kali pamenepo. Mpomwenso umakonda kudukira, ndipo kuchepa kwa magaziko n'kumene kumachititsa kuti uzichedwa kupola kuyerekeza ndi mnofu kapena khungu. Inu a kunyanja mukudziwa chingwe cha khoka: chimatha kumadyeka ulusi umodziumodzi chikukokabe nsomba, chimathanso kuduka kamodzin'kamodzi anthu ali mkati mokoka.

Kuduka kumadziwika ndi momwe kumayambira. Munthu amakhala akuthamanga, akudumpha kapena akukankha chinthu cholemera, ndiye mwadzidzidzi amamva ngati wina wamumenya theche kumbuyo kwa mwendo, nthawi zina mpaka kumveka kuti pha! Amacheuka kuti aone yemwe wamumenya, osapeza munthu. Izi zimagwera kwambiri abambo a zaka zapakati pa 30 ndi 50 amene amasewera mpira mwa apo ndi apo, ndiye inu muli m'gulu lenilenilo. Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti ululu umatha kuchepa pakangopita maola ochepa, ndipo munthu amayendabe, mokoka phazi, poti pali timinyewa tina ting'onoting'ono tomwe timayendetsako phazi. Kuyenda si umboni woti mtsempha uli bwino.

Kudziyesa kwake n'kosavuta, ndipo mayi akunyumba akhoza kukuthandizani. Gonani chafufumimba pabedi mapazi onse atalendewera kumapeto, kapena gwadani pampando mapazi ali m'malere. Masukani thupi, musalimbe. Mayiwo afinye katumba wa mwendo wabwino ndi dzanja lonse, pamalo ponenepa. Phazi lidzagwedezeka lokha kuloza kumbuyo, ngati mukufuna kuima ndi zala. Kenako afinye wa mwendo wopwetekawo. Phazi likagwedezeka chimodzimodzi, chingwe chilipo. Likangoti zii, kapena likalendewera mosiyana ndi linzake musanafinyidwe n'komwe, mtsempha waduka. Ndi mayeso omwewa amene madokotala amachita kuchipatala, ndipo akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1950. Onjezerani ziwiri izi. Yendetsani chala pamtsemphawo kuchokera ku chidendene kukwera m'mwamba, mumve ngati pali pobooka pomwe chala chikulowa. Kenako gwirani khoma, imani ndi mwendo wopwetekawo wokha, muyese kunyamula chidendene. Woduka mtsempha sangathe n'pang'ono pomwe. Wodyeka mtsempha amatha, ngakhale kukupweteka.

Mukapeza kuti waduka, nkhani ya kunyumba yathera pomwepo. Lekani kuponda mwendowo. Phazi likhale loloza pansi, zala zitawerama, chifukwa mmenemo ndi mmene mbali ziwiri za mtsempha zimayandikirana. Musalole wina aliyense kulikoka kapena kulipinda kuti "libwerere m'malo". Mangirirani kathabwa kapena katoni yolimba kutsogolo kwa mwendo kuti phazi lisakwere m'mwamba, ndipo mupite lero kapena mawa ku chipatala cha boma ku Nkhotakota. Mukafika funsani dokotala wa mafupa. M'zipatala za maboma muno m'Malawi ntchitoyi amaigwira ndi ma clinical officer ophunzira za mafupa, ndipo kumanga chikhakha ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Muwauze mawu enieniwa: ndinamva ngati ndamenyedwa kumbuyo kwa mwendo ndipo sindikutha kuima ndi zala. Ndikunena izi chifukwa X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa mnyewa, ndiye munthu akhoza kuuzidwa kuti sanathyoke, n'kubwerera kwawo wosangalala mtsempha uli woduka.

Si onse oduka amene amafuna opaleshoni. Akafika m'masiku oyambirira, ambiri amachira ndi chikhakha chomangidwa phazi litaloza pansi, n'kumalikweza pang'onopang'ono pakapita masabata, zonse pamodzi masabata 8 mpaka 10, kenako mafizo kwa miyezi ingapo. Pakapita masabata 4 mpaka 6 osathandizidwa, katumba amakhala atakokera mbali yakumtunda m'mwamba, mpata utadzaza zipsera, ndipo chikhakha sichithanso kanthu. Apo ndiye pamafunika opaleshoni yaikulu ku Lilongwe, ndi ndalama za mayendedwe zomwe munkazipewa zija kuchulukitsa kangapo. N'chimodzimodzi ndi bala la khasu, chikwanje, lata kapena botolo losweka kuseri kwa chidendene, zomwe zimachitika kawirikawiri m'minda ya mpunga ndi ya nzimbe ya kuno. Bala likhoza kuoneka laling'ono mtsempha utadulidwa mkati. Litsukeni ndi madzi oyera ambiri, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani tsiku lomwelo kuti akasoke mtsempha ndi kukubayani katemera wa kafumbata.

Pali funso lina lomwe ndikanakufunsani mukanakhala pamaso panga: kodi m'miyezi yapitayi munamwako ciprofloxacin, amene ambiri amangoti cipro? Mankhwalawa amaperekedwa pa matenda a m'chikhodzodzo, taifodi, kutsegula m'mimba kwa magazi ndi ena, ndipo ambiri amangogula okha. Amadziwika kuti amafooketsa minyewa, makamaka wa chidendenewu, moti mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalamula kuti pa mankhwala a gulu limeneli paziikidwa chenjezo lalikulu la kuduka kwa minyewa. Chiopsezo chimakula kwa anthu opitirira zaka 60, a vuto la impso, ndi amene akumwanso prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa a gulu la steroid. Ngati mukumwa cipro pano mtsempha n'kuyamba kupweteka, musamwenso mbulu wina musanaonane ndi amene anakupatsani kuti akusinthireni, ndipo mafizo olemetsa adikire kaye.

Tsopano tinene kuti mayeso aja mwakhoza, phazi likugwedezeka, ndi zala mukuima. Zomwe mwalembazi, kuuma kwa m'mawa, kumasuka mukayendako, kubwerera madzulo ndi kachotupa kolimba, ndi chithunzi chenicheni cha mtsempha wodyeka chifukwa chopatsidwa ntchito yoposa yomwe unazolowera. Munaupatsa mpira mwadzidzidzi pamwamba pa kuyenda mumchenga ndi kukankha njinga ya dengu lodzaza, wopanda tsiku lopuma.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi malangizo omwe anthu ambiri amapatsana, oti ingopumani mpaka ululu utha. Kugona kumachepetsa ululu, zoona, koma mtsempha wosagwira ntchito umafookerafookera, ndipo tsiku lomwe mudzabwerere kudooko ululu udzabwerera limodzi nanu. Mnyewa umadzimanganso ukamakokedwa, bola kukokako kukhale kwa muyezo, kwapang'onopang'ono, ndi kowonjezereka sabata ndi sabata. Mu 1998 dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, anafalitsa zotsatira za anthu 15 okonda kuthamanga omwe anali ndi vuto longa lanuli kwa nthawi yaitali. Anawapatsa mafizo otsitsa chidendene pang'onopang'ono, maulendo 180 patsiku kwa masabata 12, ndipo onse anabwerera kothamanga. Kafukufuku wotsatira waonetsa kuti si aliyense amachira msanga chotero, komanso kuti chiwerengero cha 180 si lamulo. Mu 2015 a ku Denmark anapeza kuti kunyamula katundu wolemera mosathamanga katatu pa sabata kumathandiza mofanana. Kwa munthu wa geni ngati inu, uwu ndi uthenga wabwino, chifukwa chofunika ndi kusadumphitsa ndi kuwonjezera kulemera, osati kuthera tsiku lonse pa mafizo.

Yambani chonchi. Masabata awiri oyamba, imani pamalo osalala mutagwira khoma, nyamulani zidendene zonse ziwiri mukuwerenga mpaka 3, tsitsani mukuwerenganso mpaka 3. Chitani maulendo 15, pumani mphindi imodzi, bwerezani mpaka zigawo zitatu, m'mawa ndi madzulo. Kenako khalani pampando, ikani chigubu cha madzi cha malita 5 pabondo la mwendo wodwalawo, muzinyamula chidendene mofananamo. Izi za pampando musazione kuchepa. Pansi pa katumba wooneka uja pali mnofu wina womwe umagwira ntchito kwambiri bondo likapindika, ndipo ndi umene umakunyamulani mukamayenda tsiku lonse. Chigubucho muzichikulitsa mpaka kufika pa cha malita 20.

Zikayamba kupepuka, sinthani: kwerani ndi miyendo iwiri, nyamulani wabwinowo, tsikani ndi wodwala wokha, mosathamanga. Kutsikako ndiye mankhwala enieni, choncho musamangogwetsa chidendene. Zigawo zitatu bondo litawongoka, zitatu bondo litapindika pang'ono. Cha m'sabata yachinayi kapena yachisanu, imani m'mphepete mwa khonde, kapena pa njerwa yokhazikika bwino, zala pamwamba zidendene m'malere, kuti chidendene chizitsika kupitirira pomwe pali zala. Izinso zikapepuka, berekani chikwama chakumsana muli mchenga kapena chimanga cha makilogalamu 5, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Mukafika pa katundu wolemera kwenikweni, tsiku limodzi muzichita, lotsatira muzipumitsa.

Chenjezo limodzi pa za khondezi. Anthu ena ululu wawo sukhala pakati pa mtsempha koma pansi penipeni, pomwe wagwira fupa, pamene nsapato imakhudza. Otere asamatsitse chidendene kupitirira zala, ndipo asamakoke katumba mwamphamvu, chifukwa kutero kumapanikiza mtsempha pa fupa n'kuwonjezera vuto. Iwo mafizo onse azichitira pamalo osalala. Dinani nokha ndi chala mudziwe pomwe pali ululu wanu.

Mafizowa amapweteka, ndipo ambiri amasiya pa chifukwa chimenechi. Muyezo wake ndi uwu. Ululu muziupatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Pochita mafizo ukafika 3, 4, ngakhale 5, pitirizani, simukuwononga kanthu. Woweruza weniweni ndi m'mawa wotsatira. Mukadzuka kuuma kuli monga mwa masiku onse kapena kwachepa, dzulo munachita bwino. Mukadzuka mukutsimphina kuposa kale, dzulo munapyola muyezo, kaya pa mafizo kaya pa geni, ndiye bwererani pa sitepe ya m'mbuyo kwa masiku angapo, koma osasiya. Ululu wobaya mwadzidzidzi ndi wosiyana, ukabwera imani, mubwereze mayeso ofinya katumba aja. Musayembekezere kusintha pa sabata imodzi. Ambiri amayamba kuona kusiyana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 6, ndipo ndondomeko yonse ndi masabata 12, ena mpaka miyezi 6. Kachotupako kamatha kutsalira ululu utatha kale, musadere nako nkhawa.

Za geni, sindikuuzani kuti musiye, chifukwa ndikudziwa kuti simusiya. Tichotse zomwe zikuuzunza kwambiri mtsemphawo. Mpira uyambe waima. Mumchenga wouma chidendene chimamira ndipo mtsempha umakokeka pa phazi lililonse, ndiye kudooko yendani m'mphepete mwa madzi momwe mchenga ndi wolimba, njinga muisiye pamtunda, dengu akunyamulireni anyamata mpaka pomwe pali njingayo. Kupalasa pakokha sikuvuta kwenikweni. Pondani pedulo ndi pakati pa phazi, osati ndi zala, ndipo chishalo chitsitseniko pang'ono. Chovuta ndi kukankha njinga yolemera pachitunda mutanyang'ama. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri chepetsani katundu. Patapata ndi kuyenda chopanda nsapato zisiyeni kaye. Valani nsapato yotseka yokwera pang'ono kumbuyo, kapena dulani zidutswa za patapata yakale zokhuthala sentimita imodzi muike pansi pa chidendene m'nsapato zonse ziwiri, osati imodzi, kuopa kupendeketsa chiuno. Ululu ukamachepa muzichotse.

Kuthowa kwa mayi akunyumba sindikuletsa. Pa vuto la miyezi iwiri ngati lanuli, kutentha kumamasula kuuma kwa m'mawa ndipo ndi bwino kuthowa musanayambe mafizo. Kungoti sikumanga mtsempha. Madzi akhale ofunda, osati owira, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga, poti mapazi amatha kuchita dzanzi munthu n'kupsa osamva. Kusisita kukhale pa katumba, kachotupako asamakafinye kuti kasweke. Munthu amene wangovulala kumene asathowedwe masiku awiri kapena atatu oyamba, chifukwa kutentha kumawonjezera kutupa. Madzulo mukaweruka pakutentha ndi kupweteka, tengani ayisi, ngakhale yemwe mumasungira nsomba, muike m'pepala la pulasitiki, kulungani m'kansalu, ikanipo mphindi 15 mpaka 20.

Bulufeni wa tsiku lililonse kwa miyezi iwiri ndiye wandidetsa nkhawa kuposa mwendowo. Mankhwala amenewa, pamodzi ndi diclofenac ndi indocid, akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndipo amawononga impso, makamaka kwa munthu wogwira ntchito padzuwa la kunyanja akutuluka thukuta tsiku lonse. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir ayenera kusamala kwambiri chifukwa zonse ziwiri zimalemetsa impso. Komanso pa mtsempha wodyeka kwa nthawi yaitali, vuto lalikulu si kutupa komwe bulufeni amalimbana nako, ndiye phindu lake n'lochepa. Choipa china, amabisa ululu womwe ukanakuuzani kuti mwapyola muyezo. Musiyeni. Tsiku lovuta imwani panado, mibulu iwiri ya 500 mg, osapitirira mibulu 8 pa maola 24. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena kutentha kwa pamtima kosatha, kaonaneni ndi achipatala ndipo muwauze za bulufeniyo.

Amalume akufuna kukuthandizani, ndipo muwayankhe mwaulemu, koma mphini pamalo amenewa ayi. Tsinani khungu la kuseri kwa chidendene muone kupyapyala kwake. Pansi pake palibe mnofu, pali mtsempha basi. Bala la pamenepa limachedwa kupola ngakhale litasokedwa m'chipinda cha opaleshoni, ndiye kuli bwanji la lezala lopakidwa mankhwala, pa mwendo womwe mawa lake ukaponda m'madzi a kudooko? Mafinya akalowa mpaka pa mtsempha, vuto la mafizo limasanduka la kugonekedwa m'chipatala. Lezala yogwiritsidwa ntchito pa anthu angapo imafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Ndikanizanso jakisoni wa steroid wobaya pa mtsempha penipenipo, ngakhale wina atakulonjezani kuti ululu utha mawa. Umathadi kwa masabata ochepa, koma mnyewa umafooka ndipo ukhoza kuduka.

Pali zina zomwe zimaoneka ngati vuto la mtsempha koma zili ndi gwero lina, ndipo zimenezi musazisunge pakhomo. Katumba yense akatupa, kutentha ndi kulimba, makamaka mutagona nthawi yaitali kapena mutavala chikhakha, akhoza kukhala magazi oundana m'mitsempha ya magazi ya mwendo, ndipo mukayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo. Pamalopo pakafiira, kutentha, thupi n'kumatenthanso, ndi matenda ofuna mankhwala. Zidendene zonse ziwiri zikamapweteka popanda chifukwa, pamodzi ndi kutupa kwa mawondo, kuuma kwa msana m'mawa kapena kufiira kwa maso, makamaka patapita masabata ochepa mutadwala kamwazi kapena matenda opatsirana pogonana, imeneyo ndi nyamakazi yofuna kuyezedwa. Shuga, kunenepa kwambiri ndi fodya zimachedwetsa kuchira kwa minyewa, ndiye pa zaka 44 si kulakwa kukayezetsa shuga ndi BP ku chipatala chaching'ono chapafupi, poti bulufeni mwamwa wambiri. Ndipo mukachita mafizo mokhulupirika masabata 12 osaona kusintha kulikonse, pitani ku boma mukaonane ndi a mafupa kapena a mafizo, mutatenga buku lanu la kuchipatala.

Ku mpira mudzabwerera mukadzatha kunyamula chidendene ndi mwendo wodwalawo wokha maulendo 20 kapena kuposa, msinkhu wofanana ndi wa mwendo wabwino, komanso kudumphadumpha ndi mwendo umodzi popanda ululu tsiku lomwelo ndi m'mawa mwake. Ngakhale pamenepo musayambire masewero athunthu. Yambani ndi kuthamanga pang'onopang'ono pabwalo losalala, mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, tsiku limodzi n'kupumitsa awiri. Pakapita masabata atatu kapena anayi onjezani liwiro ndi kutembenuka, kenako chigawo chimodzi chokha cha masewero, mutavala nsapato. Mafizo a chidendene muzipitiriza kawiri pa sabata ngakhale mutachira, ndipo muzichita miyendo yonse iwiri, chifukwa amene wadwala mtsempha umodzi kawirikawiri winawo umakhalanso utayamba kudyeka.